Jockey akagwa pa hatchi pa mpikisano, chimachitika n'chiyani m'thupi mwake?

Mu February 2025 nkhani ya Michael O'Sullivan inafika mpaka m'mafoni mwathu kuno ku Zomba. Anali mnyamata wa ku Ireland wa zaka 24, katswiri wokwera mahatchi pa mpikisano. Pa 6 February anagwa pa bwalo la Thurles pamene hatchi zingapo zinapunthwa podumpha mpanda womaliza wa mpikisanowo, ndipo pa 16 February anamwalira m'chipatala cha ku Cork. Mphwanga, amene sasowa pa malo obetchera a kufupi ndi depoti, anandionetsa nkhaniyo ali wodabwa. Anati: "Achimwene, munthu wavala chipewa, wagwera pa kapinga, osati pa tala. Ndiye wafa bwanji?"

Funso lakelo ndi lomveka. Ambiri a ife mahatchi timangowaona pa wailesi yakanema, ndipo ena amene amathamanga pa masikirini obetchera ndi ojambula ndi kompyuta, sagwa, sachucha magazi. Hatchi yamoyo timakumana nayo mwa apo ndi apo pa phiri, ikuyenda mofatsa ndi mlendo pamsana. Kashembe ndi nthenda zina za mahatchi zinapangitsa kuti chiwetochi chisafale m'dziko muno monga zinafalira ng'ombe ndi mbuzi. Chimene chinatitsalira ndi dzina lokha la Gymkhana Club m'tauni muno, liwu lochokera ku India limene atsamunda ankatchulira masewera awo, makamaka a pa hatchi. Choncho tiyeni tiyambire pansi.

Thumba limodzi pamwamba pa matumba khumi

Jockey ndi munthu amene ntchito yake n'kukwera hatchi pa mpikisano. Kawirikawiri hatchiyo si yake. Pali mwini hatchi, pali wophunzitsa amene amaidyetsa ndi kuikonzekeretsa, ndiye pali jockey amene amalipidwa pa ulendo uliwonse umene wakwera, n'kuwonjezeredwa kagawo ka mphoto akapambana. M'maiko ambiri sakhala pa malipiro a pamwezi. Akwera, adya. Sakwera, palibe cholowa. Mfundo imeneyi tiisunge, chifukwa ibweranso.

Mahatchi a mpikisano ndi a mtundu wotchedwa Thoroughbred, umene unakonzedwa ku England kuchokera kwa amphongo atatu obwera kuchokera kum'mawa: Byerley Turk, Darley Arabian ndi Godolphin Arabian. Buku lolembamo mibadwo yawo linayamba mu 1791, ndipo kuyambira pamenepo oweta akhala akusankha chinthu chimodzi kuposa china chilichonse, ndicho liwiro. Zotsatira zake ndi nyama yolemera makilogalamu pafupifupi 500, ya miyendo yaitali yowonda, yotha kuthamanga makilomita 60 pa ola. Jockey wa mpikisano wa pabwalo losalala amalemera makilogalamu 50 ndi pang'ono.

Taganizani thumba limodzi la chimanga litaikidwa pamwamba pa matumba khumi, onsewo akuuluka pa liwiro la minibasi ya pa msewu wa ku Blantyre. Kumanzere kuli mulu wina wotere, kumanja wina, kumbuyo ina khumi, ndipo yonse ilibe mabuleki. Hatchi yakutsogolo ikapunthwa, yakumbuyo ilibe nthawi yoganiza.

Mphamvu ya kugunda sikwera mofanana ndi liwiro. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu ya kugundako imawirikiza kanayi. N'chifukwa chake kugwa pa njinga yakapalasa pa Chinamwali ndi kugwa pa njinga yamoto imene ikutsetsereka kuchokera ku Ku Chawe ndi zinthu ziwiri zosiyana kotheratu, ngakhale nthaka ikhale yomweyo. Kapinga amafewa kwa munthu woyenda pansi. Kwa munthu woponyedwa pa makilomita 60 pa ola, kapinga ndi khoma.

Jockey sakhala pa chishalo

Mukayang'anitsitsa muona kuti jockey sakhala pansi ayi. Amanyonyomala m'mwamba, matako osakhudza chishalo, mawondo atapindika, thupi lonse litatsamira pa tizitsulo tiwiri topondera ndi zala za kumapazi. Alibe lamba, alibe chogwirira china koma zingwe za pakamwa pa hatchi.

Sizinali choncho kale. Okwera a ku England ankakhala chilili, miyendo itatsika, monga msilikali wa pa hatchi. Kakweredwe konyonyomala kanatchuka ndi Tod Sloan wa ku America atafika ku England mu 1897. Poyamba ankamuseka kuti akukwera ngati pusi pa ndodo, koma ataona kuti akupambana onse anamutsanzira. Mu 2009 akatswiri a ku Royal Veterinary College ku London anafotokoza chifukwa chake: miyendo ya jockey imagwira ntchito ngati masipuling'i, kotero hatchi sivutika kumukankha ndi kumukoka pa sitepe iliyonse. Nthawi zothamangira zinatsika ndi 5 mpaka 7 pa 100 alionse m'zaka zimene kakweredweka kanafala.

Phindu lake ndi limenelo, ndipo mtengo wake ndi woonekeratu. Amene anakwerapo kabaza amadziwa kusiyana kwa kukhala bwinobwino pa kaliyala ndi kuimirira pa tizitsulo ta kumbuyo. Woimirira, njinga ikangogunda kamwala, amauluka kudutsa woyendetsa, mutu patsogolo. Jockey ndi woimirirayo, ndipo mutu wake uli mamita oposa awiri kuchokera pansi.

Pabwalo losalala ndi pa mipanda

Mipikisano ilipo ya mitundu iwiri ikuluikulu. Woyamba ndi wongothamanga pabwalo lopanda chotchinga. Umenewu ndiwo wa Durban July ku Greyville, umene unayamba mu 1897, ndipo S'manga Khumalo anakhala munthu wakuda woyamba kuupambana mu 2013. Kentucky Derby ya ku America, yoyamba mu 1875, ndi Melbourne Cup ya ku Australia, yoyamba mu 1861, ndi ya mtundu womwewu. Wachiwiri ndi wodumpha mipanda, wotchuka ku Britain, Ireland ndi France. Waukulu kwambiri ndi Grand National wa ku Aintree, pafupi ndi Liverpool, wa makilomita pafupifupi 7 ndi kudumpha ka 30.

Munthu angaganize kuti ngozi yonse ili ku mipanda. Zoonadi odumpha mipanda amagwa kaŵirikaŵiri, mwina kamodzi pa maulendo 15 kapena 20, pamene a pabwalo losalala amatha maulendo mazana asanagwe. A. P. McCoy, amene anapambana mipikisano yoposa 4,300 asanapume mu 2015, anathyoka mafupa ambirimbiri pa ntchito yake, mpaka a msana. Koma wa pabwalo losalala akagwa, mpata woti avulale kwambiri ndi waukulu, chifukwa liwiro ndi lokwera, hatchi zathithikana, ndipo sakuyembekezera. Wodumpha mpanda amadziwa pamene pali ngozi ndipo amaphunzira kudzikulunga ngati mpira kuti agubuduzike. Winayo amangoona nthaka yafika.

Chimene chimagwetsa kawirikawiri pabwalo losalala ndi ziboda kukolana: hatchi yakumbuyo ikayandikira kwambiri, mwendo wake wakutsogolo umagunda chidendene cha yakutsogolo. Nthawi zina hatchi imathyoka mwendo ili pa liwiro, kapena mtima wake umaima. Ndipo nthawi zina ngozi imachitika mpikisano ukungoyamba kumene. Graham Lee, amene anapambana Grand National mu 2004 n'kudumpha mipanda zaka zambiri, anasamukira ku mipikisano ya pabwalo losalala. Mu November 2023 ku Newcastle anagwa pamene zitseko za timakola toyambira mpikisano zinangotseguka, anathyoka khosi, ndipo anafa ziwalo.

Fupa, ubongo ndi msana

Apa mpofunika kudekha, chifukwa liwu lakuti "wavulala" limaphimba zinthu zitatu zosiyana kwambiri.

Choyamba ndi mafupa wamba. Lothyoka kawirikawiri ndi lija lopingasa pakati pa khosi ndi phewa, chifukwa munthu akamagwa amatsogoza mkono. Nthiti, mikono ndi akakolo zimatsatira. Izi zimapweteka koma zimalumikizana, ndipo majockey ambiri amabwerera pa hatchi pakatha milungu yowerengeka. Choopsa pa nthiti n'chakuti zimatha kuboola mapapo, ndipo chiboda cha hatchi yodutsa chimatha kuphulitsa kapamba kapena chiwindi munthu n'kumachucha magazi m'kati osaoneka kunja. Michelle Payne, mkazi woyamba kupambana Melbourne Cup mu 2015, anagwa chaka chotsatira ku Mildura n'kuchitidwa opaleshoni ya m'mimba.

Chachiwiri ndi ubongo, ndipo yankho la mphwanga lili apa. Ubongo ndi wofewa ngati phala lozizira, ndipo umayandama m'timadzi m'kati mwa chigaza. Tengani ndowa ya madzi, muthamange nayo, muime mwadzidzidzi: ndowa yaima koma madzi akupitabe, n'kumenya m'mbali. Mutu ukagunda pansi chigaza chimaima, ubongo umapitirira n'kudziguguda m'kati. Chipewa chimateteza ndowa kuti isasweke, ndipo chimachepetsako mphamvu ya kugundako, koma sichingaletse madzi kukhavukira. Kugwedezeka kochepa madokotala amakutcha concussion: munthu amaona chizungulire, amasanza, amaiwala zimene zangochitika, ngakhale sanakomoke. Kukakhala kwakukulu, timitsempha timaduka, magazi amaunjikana, ubongo umatupa. Tsono chigaza sichitambasuka ngati khungu. Ubongo wotupa ulibe kolowera, umadzipanikiza wokha. N'chifukwa chake mumamva kuti wovulala amugoneka dala ndi mankhwala kwa masiku angapo: akufuna ubongo upume pamene akulimbana ndi kutupako. Ndipo n'chifukwa chake munthu amene anadzuka yekha n'kumalankhula bwinobwino amatha kukomoka patapita maola.

Choopsa china n'kugundanso mutu usanachire. Kale jockey ankangopukuta fumbi n'kukwera hatchi yotsatira tsiku lomwelo, anthu n'kumamutama kuti ndi mwamuna. Masiku ano ku Britain ndi Ireland aliyense amayezedwa kaganizidwe ndi kakumbukidwe ali bwinobwino, kuti akagwa dokotala ayerekeze ndi mmene analili. Akapezeka kuti ubongo wagwedezeka amaimitsidwa kwa masiku angapo mpaka atapambana mayeso ena.

Chachitatu ndi msana. Fupa la msana si limodzi ayi, ndi timafupa tosanjikizana ngati mfundo za nsungwi, ndipo tisanu ndi tiwiri mwa ito tili m'khosi. Pakati pake pali mphako, ndipo m'mphakomo mumadutsa mtsempha waukulu wonyamula mauthenga pakati pa ubongo ndi thupi lonse. Uli ngati waya wa magetsi wodutsa m'paipi. Paipi ikhoza kusweka waya osaduka, ndipo munthu wotere amachira n'kuyendanso. Rachael Blackmore, mkazi woyamba kupambana Grand National mu 2021, anavulala fupa la m'khosi mu 2024 koma anabwerera pa hatchi patapita miyezi yochepa. Waya ukaduka kapena kuphwanyika, zonse za kumunsi kwa pamalopo zimazima. Ukavulala m'chiuno kapena pachifuwa, miyendo imafa. Ukavulala m'khosi, mikono ndi miyendo yomwe. Ukavulala pamwamba penipeni, ngakhale kupuma kumafuna makina. Ron Turcotte, amene anakwera hatchi yotchuka ya ku America yotchedwa Secretariat mu 1973, anagwa ku Belmont Park mu 1978 ndipo sanayendenso moyo wake wonse. Mtsempha umenewu sulumikizana monga limachitira fupa, ndipo kufikira lero palibe opaleshoni yotha kuulumikiza ukaduka. Chimene madokotala amachita n'kuchotsa chimene chikuupanikiza, kumanga mafupa ndi zitsulo, ndi kuphunzitsa thupi kugwiritsa ntchito zimene zatsala.

Kufa ziwalo sikuthera pa kulephera kuyenda. Chikhodzodzo ndi matumbo zimasiya kumvera, khungu limachita zilonda chifukwa chogonera mbali imodzi, chifuwa chimagwidwa ndi chibayo. Amene anasamalirapo mbale wake wogwa mu mtengo wa mango kapena wogundidwa pa msewu amazidziwa izi popanda kuuzidwa.

Sikelo

Pa mpikisano uliwonse hatchi imapatsidwa kulemera koti inyamule, ndipo jockey amakwera pa sikelo ndi chishalo chake asanathamange ndi atathamanga. Akapepuka amamuwonjezera zitsulo. Akalemera, ntchito imapita kwa wina. Anthu masiku ano ndi aatali ndi olemera kuposa a zaka 100 zapitazo, koma sikelo yakwera pang'ono pokha. Motero ambiri amakhala ndi njala, amadzimana madzi, amathamanga atavala zovala za pulasitiki kapena kukhala m'bafa lotentha kuti atuluke thukuta. Vutoli ndi lakale: Fred Archer, katswiri wamkulu wa nthawi yake ku England, anadzizunza ndi njala ndi mankhwala otsegula m'mimba kwa zaka zambiri, ndipo anadzipha mu 1886 ali ndi zaka 29, atadwala komanso ali pa chisoni cha imfa ya mkazi wake.

Izi zimakhudzana ndi kugwa m'njira ziwiri. Munthu wosadya mokwanira kuyambira unyamata mafupa ake amakhala osalimba, ngati nsichi yofumbwa. Ndipo munthu wopanda madzi m'thupi amachedwa kuganiza, monga mlimi amene walima kuyambira mbandakucha osalawa kanthu. Ku Britain anatseka zipinda zotulutsira thukuta za pa mabwalo a mpikisano n'kukwezako sikelo pang'ono. Madokotala anayamikira. Majockey ambiri anadandaula kuti tsopano akuchita zomwezo kunyumba ndi m'galimoto, popanda wowayang'anira.

Mphindi zoyamba

Mukaonera mpikisano wa ku Ulaya, yang'anani kumbuyo kwa hatchi: pali magalimoto amene akuzitsatira m'mbali mwa bwalo. Ndi ambulansi ndi madokotala, ndipo mpikisano suloledwa kuyamba iwo palibe. Jockey akagwa amamufikira pafupifupi m'mphindi imodzi. Samudzutsa. Wina amagwira mutu kuti usatembenuke, amaona ngati akupuma, amamuveka chomangira khosi, ndipo anthu angapo amamusuntha ngati chipika chimodzi, mutu, khosi ndi msana zili pa mzere. Chifukwa chake n'chija cha paipi ndi waya: fupa losweka likasunthidwa molakwika likhoza kumaliza mtsempha umene unapulumuka pa kugwa kwenikweniko.

Ine gawo limeneli limandikhudza kuposa onse. Tsiku lina madzulo pafupi ndi msika ndinaona wa kabaza wa njinga yamoto atagundidwa. Anthu anathamangira ndi mtima wabwino, wina anamuvula chipewa mokoka, awiri anagwira mikono, awiri miyendo, mutu ukulendewera, n'kumupinda pa mpando wa kumbuyo wa galimoto imene anaimitsa. Palibe amene anafuna kumupweteka, ndipo sindingawadzudzule, chifukwa ambulansi yodikira panalibe. Koma khosi la wa kabaza ndi la jockey ndi lopangidwa mofanana. Ngati munthu akudandaula khosi, akuti miyendo sakuimva, kapena wakomoka, mutu ugwiridwe pamene uli, chipewa chisakokedwe pokhapokha chikumulepheretsa kupuma, ndipo ngati palibe kuchitira mwina koma kumunyamula, chitseko kapena thabwa ndi zabwino kuposa manja. Njira imene ili patsogolo pake ndi yaitali kale: kuchokera ku Zomba Central, ovulala mutu ndi msana kwambiri amatumizidwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo ophunzira kukhalanso ndi moyo atafa ziwalo amathandizidwa ku Kachere.

Alipira ndani?

Paja tinati jockey sakwera, sadya. Ichi n'chifukwa chake ena amabisa ululu kwa dokotala, monga amachitira waganyu aliyense. Ku Britain thumba lothandiza ovulala, Injured Jockeys Fund, linayamba mu 1964 Tim Brookshaw ndi Paddy Farrell atafa ziwalo pa ngozi ziwiri zosiyana ku Aintree, ndipo lero lili ndi nyumba zochiritsira ku Lambourn, Malton ndi Newmarket. Kwina thandizo limadalira inshulansi ndi zopereka za anthu akufuna kwabwino.

Pali funso linanso: kodi ngozi ikachitika chifukwa cha mnzako, ndi tsoka chabe kapena mlandu? Freddy Tylicki anafa miyendo atagwa ku Kempton mu October 2016. Anasumira jockey mnzake, Graham Gibbons, kuti anamupanikiza pokhota, ndipo mu December 2021 khoti lalikulu la ku London linagamula momukomera. Ena anati chilungamo chachitika. Ena anada nkhawa kuti pa masewera amene munthu amasankha chochita m'kuphethira kwa diso, milandu yotere ikweza mtengo wa inshulansi n'kuwononga kudalirana kwa anthu amene amavalira m'chipinda chimodzi.

Zimene anthu sanagwirizanebe

Ku Aintree akhala akusintha. Mu 2013 m'kati mwa mipanda anachotsamo mitengo yolimba n'kuikamo pulasitiki, ndipo kuyambira 2024 hatchi zololedwa mu Grand National zinatsika kuchoka pa 40 kufika pa 34, mpanda woyamba n'kuusendeza kufupi kuti zisaufikire pa liwiro lalikulu. Koma pali okwera ndi ophunzitsa amene amati mipanda ikafewa hatchi zimasiya kuiopa n'kumathamanga kwambiri, ndiye ngozi yangosintha nkhope. Kodi mpanda wotetezeka ndi waufupi kapena woopsa?

Sikelo nayo ili pa mkangano. Ikwezedwe kuti anthu adye, koma eni hatchi amati katundu wolemera amathyola miyendo ya hatchi zazing'ono, ndipo hatchi yothyoka mwendo imagwetsa munthu yemweyo. Malire ali pati? Za ubongo, madokotala akufufuzabe kuti kugwedezeka kobwerezabwereza kwa zaka makumi awiri kumadzabala chiyani pa ukalamba, ndipo munthu auzidwe liti kuti basi, ngakhale iye akufunabe.

Ndiye pali hatchi yeniyeniyo. Ikathyoka mwendo moipa kawirikawiri amaipha pomwepo kuseri kwa nsalu zotchinga, chifukwa nyama ya makilogalamu 500 singagone miyezi kudikira fupa, ndipo miyendo itatu yotsala imadwala chifukwa cha kulemerako. Omenyera ufulu wa nyama, amene anachedwetsa Grand National ya 2023 polowa m'bwalo, amati jockey anasankha yekha koma hatchi sinafunsidwe. Okonda masewerawa amayankha kuti hatchi zimenezi zimasamalidwa kuposa ziweto zambiri, zinabadwira kuthamanga, ndipo anthu zikwizikwi amadyera pomwepo, kuyambira osesa m'makola mpaka olima udzu.

Funso lomaliza likutikhudza ife. Gawo lalikulu la ndalama zoyendetsera mipikisano imeneyi limachokera ku kubetcha. Kodi ndi gawo lanji la ndalamazo loyenera kupita kwa munthu amene wagona chagada pa kapinga, ndipo kodi wobetcha ali ku Zomba pa hatchi ya ku Durban kapena ku Liverpool ali ndi mbali pa ngongole imeneyo? Nditamufunsa mphwanga, anayang'ana kapepala kake ka beti kwa kanthawi, n'kundifunsa ngati mnyamata wa ku Thurles uja anasiya makolo.